Madzi a Mumsana a Mwana wa pa Bedi Naini

Nkhani iyi sindinaitole m'minibasi ayi. Anandiuza ndi azakhali anga, amene akhala akukolopa labu yoyezera matenda ya pachipatala china zaka khumi ndi zinayi, ndipo tsikulo analipo, chokolopera chili m'manja. Dokotala wa ana amene anaona zonsezi aliponso, kungoti mukawafunsa amayamba kukamba zina.

Mu labumo munali mayi wina amene anzake ankamutchula Wamagalasi, chifukwa cha magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo. Ntchito yake inali yolima tizilombo. Akalandira magazi, makhololo kapena mafinya a wodwala, ankapaka pa timbale tokhala ndi chakudya cha tizilombo, n'kutiika m'kabati yofunda kuti timere. Tikamera, ankayesa kuti ndi mankhwala ati angatiphe. Zonsezi zinkadya masiku atatu. Wamagalasi ankadana nawo masiku atatuwo, poti kangapo konse anathamangira ku wodi yankho lili m'manja, n'kupeza pabedi atayalapo kale nsalu zina.

Sanali munthu wokhulupirira anzake msanga. Ngakhale cholembera chake ankachimangirira chingwe.

Lolemba lina masana, onse atapita kukadya, mu labu munatsala iye ndi azakhali. Kunkatentha, mvula inali isanagwe miyezi inayi. Mwadzidzidzi firiji yaikulu, imene imalira usana ndi usiku, inangoti zii. Kenako munalowa fungo la dothi lonyowa, longa la dzenje lokumba kumene.

"Odi."

Mawuwo anachokera pa kawindo kolandirira zoyeza. Panaima mayi wochepa thupi, atafunda nsalu kumutu. Anakankhira mkati kabotolo ndi fomu yopindapinda.

"Ndabweretsa za mwana."

"Zimenezi amabweretsa ndi anamwino," anatero Wamagalasi. "Inuyo ndinu ndani?"

"Muyambe lero, chonde. Lachinayi n'kutali."

Wamagalasi ananyamula kabotoloko. Kanali kofunda, ngati kangochoka m'thupi. Munali madzi a mumsana, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala oyera mbee, koma awa anali a mbuu. Pa fomu panali dzina la mtsikana, zaka seveni, wodi ya ana, bedi naini. Posainira dokotala panalibe kanthu. Pamene ankadzutsa mutu kuti afunse, pawindo panalibe munthu. M'khonde lalitalilo, mmene ngakhale patapata amamveka kuchokera kumapeto, simunamveke phazi.

Firiji inayambanso kulira.

"Mumayankhula ndi yani, achemwali?" anafunsa azakhali.

"Simunawaone?"

"Ine ndangomva fungo."

Madzi a mumsana sadikira. Wamagalasi anadontheza pang'ono pa kagalasi, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Tizilombo tinali mbwee. Anali matenda oumitsa khosi, ndipo mwana wa madzi amenewo anali pakamwa pa imfa. Anaimba foni ku wodi ya ana.

"Bedi naini? Pali mnyamata wa malungo, akuchira," anayankha namwino. "Lero sitinabaye mwana aliyense pamsana. Dzina limenelo kuno kulibe."

Anafunsa mawodi onse. Kunalibe.

Apa mtima wake unayamba kusanthula anthu. Anaganizira mnzake wa pa benchi ya magazi, amene anakangana naye sabata yathayo. Mwina ankamutchera msampha. Anaganizira anamwino ena amene amazembetsa zoyeza za abale awo odwalira kunyumba. Ngakhale azakhali anawayang'ana ndi diso la m'mbali. Komabe anapaka madziwo pa timbale n'kutiika m'kabati.

Lachiwiri m'mawa tizilombo tinali titamera. Abwana a labu anaitenga fomu ija, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula buku limene Wamagalasi ankalembamo zotsatira, n'kuziika pafupi.

"Mayi, mu labu muno ndani amadula seveni pakati chonchi?"

Wamagalasi anasuzumira. Seveni uja anali wake. Zilembo zonse zinali zake, zopendekera kumanzere.

"Sindinalembe ine, bwana."

"Ine sindinanene kanthu. Wodwala kulibe, dokotala sanasaine. Tayani zimenezo, ndipo nkhaniyi tikambirana."

Sanataye. Anatibisa timbaleto kuseri kwa tinzake, m'munsi mwa kabati. Anati mumtima, amene wandikopera kalembedweyu ndimugwira ndi umboni. Lachitatu anafesa tizilomboto pa mbale ina, n'kuikapo timapepala tozungulira ta mankhwala osiyanasiyana. Mankhwala akakhala amphamvu, pozungulira kapepala kake pamayera, tizilombo sitifikapo. Tsiku lonselo mu labu anthu ankasiya kuyankhula iye akalowa.

Lachinayi m'mawa anatsegula kabati. Tizilombo tinali titakwera pa timapepala tonse ta mankhwala amene madokotala amayambira, ngati nyerere pa shuga. Kapepala kamodzi kokha ndi kamene kanali ndi bwalo loyera. Anali mankhwala osowa, amene amakhala otsekeredwa ku famase ndipo sawatulutsa popanda yankho la ku labu.

Cha m'ma leveni, dokotala wa ana anafika okha pa kawindo, zimene sankachita. Ankapumira m'mwamba.

"Lolemba munafunsa za mtsikana wa pa bedi naini?"

"Eya."

"Wangofika kumene. Khosi lauma gwa, sakuzindikira munthu. Mnyamata uja tamutulutsa m'mawa, bedi lopanda munthu linali lomwelo." Anatsitsa mawu. "Tabwerani mudzaone."

Mwanayo anali chigonere chammbali, thupi lili moto. Dzina la pa khadi linali lomwe lija. Dokotala anakweza kadiresi. Pamsana, penipeni pobaya singano, panali pulasitala. Yakuda m'mbali, ya masiku angapo. Ataimatula, kabowo kanaoneka. Kamodzi, kolunjika bwino.

Bambo a mwanayo, munthu wamtali wovala ovolosi ya umakaniki, ankangopukusa mutu.

"Sitinapite chipatala chilichonse, adokotala. Anayamba mutu Lamlungu. Lolemba ndinamusiya atagona, ndinakhoma chitseko, kiyi ndinapita nayo ku galaja. Ndimati ndi malungo."

"Nanga amayi ake?" anafunsa Wamagalasi.

"Tinaika chaka chatha."

 Dokotala anayang'ana bambowo mowakayikira, kenako anayang'ana Wamagalasi chimodzimodzi. Anabaya mwanayo kachiwiri, pamwamba pang'ono pa kabowo kakale. Madzi anatuluka a mbuu. Pa maikulosikopu, tizilombo tinali tomwe tija.

"Ndikadikira atsopanowa amere, mwanayu Lamlungu safika," anatero dokotala chapansipansi. "Ndikatsata yankho lanuli, ndiye kuti ndatsata pepala lopanda mwini. Mundiuze zoona, mayi. Madzi oyambawo munawatenga kuti?"

"Pawindo."

Dokotala anatenga cholembera. Kenako anasaina, mankhwala aja anatuluka ku famase.

Lachisanu thupi linayamba kuzizira. Lamlungu yankho la madzi achiwiri linatuluka, lofanana ndi loyamba kapepala ndi kapepala. Akanayambira mankhwala a masiku onse, bwenzi tikunena zina. Abwana a labu sanayamikire, sanadzudzulenso. Fomu ija anaitsekera m'dilowa yawo.

Patapita sabata, Wamagalasi anamva kuti mwanayo wayamba kukhala tsonga ndi kudya. Anapita kukamuona nthawi ya masana, azakhali akumutsatira ndi ndowa yawo ngati akukakolopa. Bambo ake anali pampando, akumusendera nthochi.

Mwanayo atangomuona, anasiya kutafuna. Anakokera bulangete kukhosi.

"Ababa, ndi awa."

"Awa ndani, mwanangu?"

"Amene anandibaya kunyumba."



"Ukulota iwe," anatero bambowo. "Awa ndi a ku labu."

"Sindikulota. Amayi anandigwira miyendo, amvekere usagwedezeke. Awa anagwada kumbuyo kwanga. Magalasi awo anagwera pamphasa, amayi n'kuwatolera."

Bambowo anaika nthochi pambale. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi," anatero, mawu ali pansi, "kwathu munakudziwa bwanji?"

 

Azakhali amalumbira mpaka lero kuti Lolemba limenelo mayiyo sanatuluke mu labu kuyambira hafu seveni. Akuti anakolopa kawiri mozungulira mapazi ake, iye ali chiweramire pa maikulosikopu. Kumene amakhala makanikiyo n'kutsidya kwa tauni, mabasi awiri, ndipo Wamagalasi sanapondeko chibadwire.

Mwanayo anachira, anatuluka. Wamagalasi akugwirabe ntchito pa benchi yomweyo. Koma masiku ena akamaweruka, amapeza bambo uja ataima kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi geti, manja ali m'matumba a ovolosi. Sapereka moni. Sanathokozepo, sanakamunenezepo kulikonse. Amangomuyang'ana mpaka akwere basi.