Zuali ndi Nsambo Yaikulu

Zuali ndi mdzukulu wanga. Ndi wamng'ono. Mano ake akutsogolo anaguluka. Zuali ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuimba nyimbo ya agogo ake pa gitala.

Agogo akewo anali mkazi wanga. Dzina lake Hnuni. Hnuni anamwalira nthawi ya mvula. Gitala yake inatsala pakhoma. Inkangolendewera pamsomali. Fumbi linkagwerapo. Ine sindinkaiyang'ana.

Hnuni anali ndi nyimbo yake. Anaipeka yekha tili achinyamata. Inkati:

Wapita kumunda, bwera msanga.
Bwera msanga, tiyi akuzizira.

Ankandiimbira ine. Ankaimba madzulo aliwonse pakhomo. Nyumba yathu ili pamwamba pa phiri. Anthu akumunsi ankamva. Ankati, "Hnuni wayamba kuitana mwamuna wake."

Mvula inatha. Tsiku loimika mwala pamanda linayandikira. Tsiku limenelo abale amabwera kunyumba. Amakhala pamabenchi. Amamwa tiyi. Amaimba nyimbo zimene womwalira ankakonda. Koma nyimbo ya Hnuni panalibe wodziwa kuiimba pa gitala. Mubuku mulibe. Mufoni mulibe. Ngati sitiimba tsikulo, basi, nyimbo yapita naye.

Zuali anati aimba ndi iyeyo.

Bambo ake ndi mwana wanga Kima. Kima amayendetsa galimoto pamsewu wopita kumzinda wa Aizawl. Anatsitsa gitala. Anaipukuta ndi malaya ake. Anatulutsa foni yochunira nsambo. Anakodola nsambo yoyamba. Inali bwino. Anakodola ina. Inali bwino. Anafika pa nsambo yaikulu.

"Iyi yokha yakhwefuka kwambiri," anatero Kima.

Anapotokola kakhutu komangira nsamboyo. Anapotokola. Anapotokolanso. Foni inavomera. Kima anati tsopano gitala yakhala ngati magitala a anthu ena onse. Anampatsa Zuali.

Zuali anakhala pakampando ka nsungwi. Gitala inali yaikulu. Zuali anali wamng'ono. Nkhope yake yokha inkaoneka pamwamba. Kima anaseka. Anafunsa ngati ndi mwana wanyamula gitala kapena ndi gitala yanyamula mwana. Zuali anamutulutsira lilime.

Zuali ankadziwa kugwira nsambo pang'ono. Anaphunzira kutchalitchi. Anagwira apa. Anaimba. Sizinamveke. Anagwira apo. Anaimba. Sizinamveke.

Anabwera kwa ine.

"Agogo, tandiimbireni. Ine ndizitsatira."

Ndinakana. Ndinati pakhosi pakundiwawa. Zoona zake, chichokereni Hnuni sindinaimbepo. Kutchalitchi ndinkangoyendetsa milomo. Mawu ankakana kutuluka. Ankakhala pachifuwa ngati mwala.

Zuali sanandikakamize. Anabwerera pakampando. Mawa lake anayesanso. Mkuja anayesanso. Nsonga za zala zake zinafiira. Ankaziuzira. Ankaziika m'kamwa. Kenako ankagwiranso nsambo.

Tsiku lina dzuwa linalowa pazenera. Linawala pakhosi la gitala. Zuali anaweramira pafupi. Anapapasa ndi chala.

"Agogo, pali timaenje."

Ndinayang'ana. Inde, panali timaenje. Tating'ono. Tosalala. Thabwa linaperepeseka. Panali pamene Hnuni ankaponda ndi zala zake zaka zonsezo.

Zuali anafunsa chifukwa chake timaenjeto tinali tochepa. Aphunzitsi akutchalitchi amagwira ndi zala zambiri. Ndinamuuza za chala cha agogo ake. Chikwanje chinamutema tikudula nsungwi kumunda. Chala chachitatu chinapindika. Sichinawongokenso. Hnuni ankagwira nsambo ndi zala ziwiri zokha.

Zuali anasangalala. Anati zala ziwiri ali nazo. Anaika chala m'kadzenje. Anaika china m'kadzenje kena. Zinakwana bwinobwino. Anapuma. Anakodola nsambo.

Gwe-e-e.

Zinamveka ngati mbuzi yapanidwa pachitseko. Galu wathu anadzuka. Anatuluka panja.

Zuali anayesanso. Gwe-e-e.

Kima anali akudya mpunga ndi masamba a maungu. Anati mwina amayi ake ankangoimba mwa iwo okha. Anati Zuali asankhe nyimbo ina ya m'buku. Zambiri zilimo. Palibe amene adzadandaule.

Zuali anakumbatira gitala. Misozi inalengeza m'maso. Koma sanalire.

Anandifunsa mafunso ambiri. Agogo aakazi ankakhala pati? Ndinati pakampando komweko. Ankayang'ana kuti? Ndinati kuchigwa. Ankayamba bwanji?

Apa ndinakumbuka.

Hnuni sankayamba yekha. Ankandigogoda pabondo. Ankati, "Inu a Chule, mawu." Ankanditchula choncho chifukwa mawu anga ndi aakulu. Amamveka ngati chule wa m'thanki. Ine ndinkang'ung'udza. Mmmm. Iye ankapotokola kakhutu ka nsambo yaikulu. Ankaikhwefula pang'onopang'ono. Nsambo inkatsika. Inkatsika. Inkafika pamene pali mawu anga. Tikamveka ngati munthu mmodzi, nyimbo inkayamba.

Ndinamuuza Zuali zonsezi. Maso ake anakula.

"Ndiye nsambo ija sinakhwefuke, Agogo. Inali pamalo pake."

Kima anasiya kutafuna. Anayang'ana foni yake. Anakanda m'mutu. Anati pepani, iye ankayesa akukonza.

Zuali anandigogoda pabondo. Ndinaimirira. Ndinati nkhumba sinadye. Ndinatenga chitini cha madeya. Ndinatsika makwerero. Ndinapita kukhola kumunsi kwa nyumba.

Nkhumba yathu ndi yakuda. Ndi yonenepa. Ikaona chitini imalira. Ngo-o. Ngo-o. Ndinaithirira chakudya. Ndinaima pamenepo.

Ndinamva mapazi pamakwerero. Anali Zuali. Gitala inali kumsana. Inkamumenya kumbuyo kwa miyendo. Anakhala pamwala pafupi ndi khola. Sanandiyang'ane. Analankhula ndi nkhumba.

"Inu a Nkhumba, mawu."

Ndinamufunsa kuti akuchita chiyani. Anati a Chule akana. Ndiye wapeza ena. Anati mawu a nkhumba ndi anga amafanana. Ena amati ndife pachibale.

"Mwana iwe, ulemu uli kuti?"

"Ndausiya pamwamba, Agogo. Gitala inandilemera."

Nkhumba inati ngo-o. Zuali anapotokola kakhutu. Nkhumba inati ngwi-i. Zuali anapotokolera kwina. Nkhumba inati ngo-o. Zuali anabwezanso. Nsambo inkakwera. Nsambo inkatsika. Inkalira ngati yadwala m'mimba.

Ndinayesa kupirira. Ndinalephera. Ndinaseka. Chichokereni Hnuni ndinali ndisanaseke.

"Iwe, nkhumba sidziwa kanthu. Si choncho ayi. Ndi chonchi. Mmmm."

Mawu anatuluka okha. Ine sindinawatume.

"Musasiye, Agogo," anatero Zuali motsitsa mawu.

Sindinasiye. Mmmm. Zuali anagwira kakhutu ndi zala zonse. Anakhwefula pang'ono. Nsambo inatsika. Anakhwefula pang'ono. Nsambo inatsikanso. Inayandikira. Inayandikira. Kenako inafika. Ine ndi nsambo tinamveka ngati munthu mmodzi.

Zuali anaika chala m'kadzenje. Anaika china m'kadzenje kena. Anakodola.

Inali nyimbo ya Hnuni. Chiyambi chake chenicheni.

Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinapukuta m'maso ndi chipewa. Nkhumba inapitiriza kudya.

Koma ntchito inali isanathe. Dzanja lamanzere linapeza njira. Dzanja lamanja linali lisanapeze. Zuali ankamenya nsambo zonse pamodzi. Ndinati ayi. Hnuni sankamenya. Ankakodola imodziimodzi.

Zuali anafunsa kuti iyambe iti. Ine gitala sindiidziwa. Sukulu sindinapite nayo patali. Koma makutu ndili nawo. Ndinamuuza zimene Hnuni ankanena. Chala chachikulu ndi mwamuna. Chimayenda pa nsambo yaikulu. Chala cholozera ndi mkazi. Chimayenda pa nsambo zazing'ono. Akupita kumunda. Mwamuna aponda. Mkazi aponda. Palibe wosiya mnzake.

Du, ti. Du, ti.

Zuali anayesa. Du, du, ti. Ndinati mwamunayo wathamanga. Anayesanso. Ti, ti, du. Ndinati mkaziyo wamusiya. Zuali anaseka. Anati anthu awiriwa ndi ovuta. Ndinati eya, tinali ovuta ndithu.

Tsiku lililonse akaweruka kusukulu tinkakhala pakhomo. Iye pakampando. Ine pambali pake. Du, ti. Du, ti. Akalakwa, tinkabwereza. Ndikaiwala, timaenje tinkatikumbutsa. Zala za Zuali zinasiya kufiira. Zinalimba.

Tsiku loimika mwala linafika. M'mawa tinapita kumanda. Tinaimika mwala wa Hnuni. Tinapemphera. Kenako tinabwerera kunyumba. Anthu anadzaza pamabenchi. Ena anaima pamakwerero. Atsikana ankagawa tiyi. Ng'oma ya tchalitchi inalira. Tinaimba za m'buku.

Kenako Kima anaimirira. Anati mwana wake ali ndi nyimbo. Mnyamata wina anatulutsa foni. Anati achune kaye gitalayo. Kima anamugwira dzanja. Anati gitala iyi ili ndi wochuna wake.

Zuali anakhala pakampando ka nsungwi. Anayang'ana anthu. Anayang'ana pansi. Kenako anandigogoda pabondo.

"Inu a Chule, mawu."

Anthu anaseka. Azimayi achikulire anagwira pakamwa. Ankadziwa mwini mawuwo.

Mmmm, ndinatero ine. Nsambo inali kale pamalo pake. Zuali anamvetsera. Anagwedeza mutu. Anayamba.

Du, ti. Du, ti.

Anaimba ndi mawu ake aang'ono. Mphepo inkatulukira pamene panaguluka mano. Ine ndinalowa ndi mawu anga a chule. Kima analowa. Anthu akumunsi analowa. Onse ankaidziwa. Anali ataimva zaka zambiri kuchokera paphiri. Ankangodikira woyambitsa.

Wapita kumunda, bwera msanga.
Bwera msanga, tiyi akuzizira.

Pakati Zuali analakwa kamodzi. Mwamuna anathamanga. Zuali anandiyang'ana. Ndinamutsinzinira diso. Anapitiriza. Tinaimba mpaka kumapeto. Anthu anati tibwereze. Tinabwereza.

Titamaliza, Kima ananyamula mwana ndi gitala yomwe. Anawakweza m'mwamba onse awiri. Zuali anati amutsitse, nsambo ingasunthe.

Anatsika. Anatenga kapu yanga. Anaigwira ndi manja awiri. Anandipatsa.

"Agogo, tiyi wanu wazizira."

Anali atazizira ndithu. Ndinamwa yense.

Gitala sinabwererenso pamsomali. Imakhala pafupi ndi khomo. Madzulo Zuali amakoka kampando. Ine ndimasendeza bondo.