Goli la pa Mudi

Dorothy anadziwa kuti tsikulo silitha bwino atangoona mwamuna wake akupukuta chipewa chija. Chinali choyera, cholimba ngati chigoba cha kamba, cha mtundu umene azungu ankavala poopa dzuwa, ndipo a Kingsford ankachitulutsa akafuna kuti Chirimba yense akumbukire kuti iwo ndi kalaliki wa m'sitolo ya mzungu. Kunja kunalibe ndi dzuwa lomwe loti n'kuliopa. Chiperoni chinali chitatsika, phiri la Ndirande osaoneka mutu.

"Bambo a Gracian, ndapota nanu," anatero Dorothy motsitsa mawu, pakuti mayi ake, a Christina, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Chiradzulu, anali kuseri kwa nyumba. "Aonetseni tchalitchi, aonetseni sitima, zonsezo ndavomera. Koma kumtsinje kuja tisapiteko."

"Chifukwa?"

"Kukuzizira. Amayi ndi achikulire."

"Anthu akuchoka ku Limbe wapansi kudzaona pamene azungu anajambulira kanema, ndiye apongozi anga abwerere kumudzi osapaona? Akanena kuti mkamwini wawo amatani m'tauni muno? Iwe zabwino za ine zimakuwawa basi."

"Si choncho. Ndimvereni kamodzi kokha."

"Konzekani, tikupita!" Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi la pamphuthu linayoyokera pansi. Dorothy anakhala pamphasa n'kulira mosatulutsa mawu.

Nkhani yake inali iyi. Miyezi ingapo m'mbuyomo kunabwera azungu ndi bokosi la miyendo itatu lopukusa ndi dzanja, ati akupanga zithunzi zoyenda za masiku a ukapolo. A Kingsford, poti Chingerezi chinali kumano, anatengedwa kukhala womasulira ndi wosonkhanitsa anthu. Anasemetsa magoli, n'kumanga anthu mumndandanda powolokera mtsinje wa Mudi. Kenaka azunguwo anafuna mwana. Poyamba analoza Gracian, mwana wa a Kingsford weniweni, koma bambo ake anati mwanayo akutsokomola. M'malo mwake anapereka Felicia, mwana womupeza, amene bambo ake anafera kutali akusenza katundu pa nkhondo ya Jeremani. Malipiro a zonsezi ndi chipewa chija.

Felicia anabwerako ali wina. Mtsikana amene ankaimba mpaka kusowetsa anthu mtendere anangoti zii. Mkanda umene ankaukonda anauvula n'kuutaya kudzala, ndipo munthu akangomukhudza pakhosi ankadzidzimuka. Dorothy anafunsa, mwana osayankha.

Koma chimene chinkamudya Dorothy m'mawa umenewo chinali china. Mayi ake ankavala mpango m'khosi chaka chonse, kutenthe kuzizire, ndipo Dorothy yekha ndiye ankadziwa chimene chinali kunsi kwa mpangowo. Mwamuna wake sankadziwa, pakuti iye sanamuuzepo. Akanayambira pati? Kwawo kwa a Kingsford mawu oti "mwana wa kapolo" ankawalavula ngati njere yowawa, ndipo mlongo wawo wina anathetsa chitomero pa chifukwa chomwecho. Kuulula kunali kuphwasula banja ndi manja ake, kukhala chete kunali kuperekeza mayi ake kumtsinje. Anasankha kukhala chete, n'kumapemphera kuti mvula ibwere yambiri.

Mvulayo sinabwere. Kunangokhala kamvula kowaza, kolowa m'mafupa.

Tsono a Kingsford, ndi tayi yawo yonseyo, mwambo wa upongozi ankausunga kuposa munthu wa kumudzi. Chikwatirireni anali asanayang'anepo a Christina kumaso. Akakumana panjira ankapatukira m'tchire, akafuna kuyankhula ankayang'ana kumbali n'kudutsitsa mawu mwa mkazi wawo. Ankanyadira zimenezi, ati munthu wophunzira amene sanataye ulemu ndi iwo. Ndiye ulendowo unayenda motere: patsogolo iwo atagwira Gracian dzanja, msana ataulozetsa kwa apongozi, pakati Dorothy wonyamula mawu, pambuyo a Christina ndi mdzukulu wawo Felicia. Nkhope zonse ziwiri ankaziona ndi Dorothy yekha.

Anayambira ku mishoni. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatulukira m'nkhungu ndi nsanja zake, madenga ake ozungulira ali ngati miphika yovundikira.

"Uwauze amayi kuti choterechi kulibenso dziko lonse lino," anatero a Kingsford akuyankhula ndi khoma. "Uwauze aone maluwa ogoba panjerwapo."

"Akuti muone maluwa, amayi."

"Uwauze ndaona. N'chokongola."

Anaona wotchi yaikulu ya pansanja. Anatsikira ku siteshoni, kumene sitima yopita ku Limbe inkafuka utsi wakuda umene unkakana kukwera kumwamba chifukwa cha nkhungu. A Christina anaseka pang'ono itakuwa, n'kugwira pamtima. Kumeneko Dorothy anayandikira mwamuna wake.

"Bambo a Gracian, pali mawu okhudza amayi."

"Atopa?"

Dorothy anayang'ana chipewa, anayang'ana Gracian ndi malaya ake ositidwa, anaganiza za kanyumba kawo ka mawindo.

"Ayi, sanatope."

Anadutsa pa Boma, pamene msilikali anaima nji ngati mtengo wouma, n'kulowa mumsewu wa masitolo a amwenye. A Kingsford ankatchula dzina la nsalu iliyonse, Dorothy n'kumabwereza ngati mwana wa sukulu. Kutsidya, pachitunda, nyumba yosanja ya Mandala inkaoneka mwa chizimezime. Apo msewu unayamba kutsetsereka, ndipo mkokomo wa madzi unayamba kumveka.

Felicia anaima.

"Tiye, mwana wanga," anatero a Christina. Mwanayo anapukusa mutu, zala zake zitakanirira dzanja la agogo akewo. "Dorothy, mwanayu akunjenjemera. Kutsogoloku kuli chiyani?"

"Ndi kuzizira, amayi."

A Christina anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Dorothy anazolika.

"Uwauze amayi kuti zonse aonazi n'zochepa," anafuula a Kingsford ali kale kumunsi. "Chachikulu chili kuno!"

Powolokera paja panali misasa ya udzu imene akanema anamanga kuti ioneke ngati mudzi wakale, ina yowauka dala ndi moto, yonse itayamba kugwa. Anthu angapo obwera kudzaona malowo ankalozerana, ndipo ataona chipewa anapatuka mwaulemu. A Kingsford mtima unakwera. Anaonetsa mwala umene bokosi lija linaimikidwa, anaonetsa mtengo umene mzungu wopukusa anagwapo chagada. Kenaka analowa mumsasa wina n'kutuluka ndi mtengo wautali wa mphanda kumapeto.

Dorothy anamva mayi ake akukoka mpweya kumbuyo kwake.

"Uwauze amayi kuti ili ndi goli. Mwina kwawo sanalionepo." Anayang'ana kumadzi, n'kulowetsa khosi lawo pamphandapo. "Bambo inu, tabwerani mutsekere kamtengo aka kutsogoloku. Khomani ndithu, asaone zachibwana." Munthu wina anakhoma kamtengoko ndi mwala, anthu n'kuseka. "Dorothy, wawauza?"

Dorothy anacheuka. Nkhope ya mayi ake inali itachita phulusa. A Kingsford, ndi ulemu wawo wonse uja, sankaona chilichonse.

"Felicia! Bwera uwaonetse anganga ako mmene unachitira. Chingwe chili kumchira kwa goliku, dzimange m'khosi." Anaseka. "Uwauze amayi kuti mdzukulu wawoyu adzaonedwa mpaka ku Ulaya. Poyamba ankangosekerera, mzungu n'kukwiya kuti akufuna misozi. Ine ndinati ndisiyireni. Ndinamunong'oneza kuti si masewera ayi, takugulitsadi, amako avomera, kwanu sudzabwererakonso. Abale inu, analira mwana! Ankakoka chingwe, kuitana amake mpaka mawu kutha. Mzungu anandigwira dzanja, ati misozi yotere sanaionepo."

Izi Dorothy anali asanazimvepo. Anatembenukira mwana wake, ndipo Felicia kwa nthawi yoyamba chibwerereni kojambulidwa kuja anamuyang'ana m'maso.

"Amayi, munavomeradi?"

Dorothy anagwa pansi m'matope n'kumukumbatira, akulira mokuwa. "Ayi, mwana wanga! Ayi! Miyezi yonseyi umaganiza choncho? Mayo ine!"

"Aa, zamasewera zomwezi?" anatero a Kingsford. "Musandichititse manyazi pagulu."

"Kingsford."

Mawuwo anali a a Christina, ndipo sanadzere mwa Dorothy. Mpongozi kutchula mkamwini dzina, pamaso pa anthu, zinali zosamvekapo.

"Tembenuka undione."

"Pepani, apongozi, sindingathe. Mwambo sulola. Dorothy, uwauze amayi kuti..."

"Ndilibe mkamwini pano woti ndizimuopa. Tembenuka!"

Goli silinalole khosi lokha kupotoloka. A Kingsford anachita kuzungulira thupi lonse, mchira wa mtengowo ukukwekwereza m'matope, mpaka anayang'anizana ndi mayi amene anali asanamuonepo bwino kumaso. A Christina anamasula mpango pang'onopang'ono. Kuzungulira khosi lonse panali chipsera chotuwa, chokwinyika, chachikulu ngati chala.

"Ukuti kwathu sindinalionepo. Ndinali wocheperapo kuposa Felicia. Mayi anga anali patsogolo m'goli, lolemera osati kachidole kakoka, ine kumchira ndi chingwe. Nditadwala otigwirawo anadula chingwecho n'kundisiya m'tchire. Ndinaitana mayi anga mpaka mawu kutha, monga ukunenera. Sanatembenuke. Ndinakula ndikuganiza kuti anandikana, mpaka munthu wina anadzandiuza kuti wa m'goli sangatembenuke." Misozi inatsika, koma mawu sanagwedere. "Ndiye iwe watenga mdzukulu wanga n'kumubwezera komweko, kuti upate chipewa."

Pamenepo a Kingsford akanagwada, mwina nkhani ikanapita kwa ankhoswe n'kukonzeka. Koma chimene chinali mumtima ndicho chinatsogola. Anayang'ana Dorothy maso ali psuu.

"Ndiye unandibisira? Zaka zonsezi ndimagona m'nyumba ndi mwana wa..."

"Malizani," anatero Dorothy akudzuka, matope ali m'maondo. Mantha amene anamudya kuyambira m'mawa anali atatha, patatsala mkwiyo wokhawokha. "Mwana wa kapolo. Ndine amene. Ndinabisa poopa kutaya banja, ndipo lero ndaperekeza mayi anga kuno ndi pakamwa potseka chifukwa cha banja lomwelo. Manyazi anga ndi amenewo, osati khosi la amayi. Ndi Gracian yemwe, amene munati akutsokomola, magazi ake ndi omwewa."

"Sindinatanthauze choncho."

"Gracian, bwera kuno."

Mnyamatayo anayang'ana bambo ake ali m'goli, n'kuthamangira kwa amake.

"Tinakupatsa mwana wathu pa chitengwa kuti ukamusunge kwanu," anatero a Christina akukulunga mpango uja m'khosi mwa Felicia, ndipo mwanayo sanadzidzimuke. "Tamutenga, ndi ana ake omwe. Ankhoswe akupeza."

Apo ndi pamene a Kingsford anazindikira kuti zafika poipa. Anagwira kamtengo kotsekera kaja kuti akasolole, koma kanali katakhomedwa ndi mwala monga anafunira, ndipo chinyezi chinali chitakatupitsa. Anakoka, anapotoza, chipewa chinagwera m'madzi n'kuyamba ulendo wa kumunsi.

"Amake Gracian, dikirani! Tikambirane kunyumba. Apongozi, ndalakwa, ndagwira mwendo wanu! Bambo inu, tandichotsani ichi!"

Munthu amene anakhoma uja anali ataponya mwala wake, akukwera chitunda ndi anzake osacheuka. A Kingsford anayesa kuthamanga, mchira wa goli unakodwa pamizu, anagwa chogwada.

Amayi awiriwo anakwera mtunda wa kutauni, a Christina khosi lili poyera m'kamvula kowaza. Felicia anagwira dzanja la amake, iye mwini, osachita kuuzidwa.

"Dorothy! Tandiyang'ana kamodzi kokha!"

Dorothy anamva. Khosi lake linalibe goli, akanatha kutembenuka. Anafinya dzanja la mwana wake n'kupitiriza kuyenda.