Malo a Munthu Mmodzi

Chimene chinayamba kuwasautsa a Lexon chinali nambala ya galimoto basi.

Mwana wawo Evelina ankagulitsa m'sitolo ina ku City Centre, ndipo ankaweruka dzuwa litalowa. Chaka chimenecho mafuta anasowa, maminibasi ambiri n'kumagona pamizere, otsalawo n'kukweza mtengo mopanda chisoni. Evelina anayamba kukwera matola, kuima pamsewu n'kukweza dzanja kwa galimoto iliyonse yolowera ku Old Town. Bambo akewo sanakondwe nazo, koma thumba lawo linalibe yankho lina. Anangomuikira lamulo limodzi: asanakwere, azijambula nambala ya galimotoyo n'kuwatumizira pafoni. Mayi a mwanayu anamwalira kalekale, ndipo a Lexon analibenso wina padziko lino.

Lolemba kunabwera chithunzi cha galimoto yoyera, nambala yothera ndi 4417. Lachiwiri galimoto inali yakuda, yamtundu wina, koma nambala yomweyo, yopindika pangodya yakumanja chimodzimodzi. Atamufunsa, Evelina anaseka n'kunena kuti iye amangojambula, sawerenga. Anati eni galimotowo ndi anthu abwino: ndalama salandira, wailesi satsegula, ndipo okwera atatu amene amawapezamo, mmodzi kutsogolo awiri kumbuyo, sayankhula kanthu. Nthawi zonse pamakhala patatsala malo a munthu mmodzi.

"Nkhope zawo unaziona?" anafunsa a Lexon.

Evelina anapukusa mutu. "Mumakhala mdima, ababa. Komanso mumazizira."

Apa m'pamene bamboyo anaona kuti mwana wawo wavala juzi mwezi wa Okutobala, anthu onse akugona pamwamba pa zofunda, ndipo chakudya wangochilawa.

A Lexon ankagwira ntchito yophwasula magalimoto ochita ngozi pamalo a a Sumaila kuseri kwa msika wa Lilongwe. Munthu wa ntchito imeneyi saiwala chitsulo chimene anachigwirapo. Lachitatu m'mawa analunjika kumpanda kumene kunali galimoto yofiira yophwanyika kutsogolo, imene inafika m'nyengo yamvula. Nambala inali pompo, 4417, ndipo ngodya ija anaipinda okha ndi tcheni tsiku lomwe ankaitsitsa mulole.

A Sumaila anawauza monong'ona kuti galimotoyo inanyamula matola opita ku Dedza, n'kukumana ndi lole m'njira. Woyendetsa ndi okwera atatu anafera pomwepo. Koma anawalimbitsa mtima kuti izi n'za mbava chabe, zimene zimabwereka manambala a magalimoto akufa n'kumaika pa magalimoto akuba, mlonda atadyetsedwa kenakake. A Lexon anafunitsitsa kukhulupirira zimenezi, pakuti mbava ili ndi khosi loti n'kuligwira. Koma atagwada anapeza mabawuti a nambalayo atadyana ndi dzimbiri, kangaude atamangapo nyumba yake yakalekale. Panalibe sipanala imene inakhudzapo.

Anamuimbira Evelina nthawi yomweyo n'kumuletsa matola. Anamuuza kuti akwere minibasi ngakhale itadula bwanji, apo ayi ayende pansi. Madzulo a Lexon anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Area 1, magetsi atazima, akumvetsera agalu ndi kulira kwa jenereta ya patali. Foni inawala: galimoto yobiriwira, nambala yomwe ija. Evelina anafika akunjenjemera, milomo itauma. Analumbira kuti anadikira minibasi ola lathunthu, ndipo sakukumbukira kuti anakweza dzanja. Anangoona chitseko chatseguka, miyendo n'kupita yokha.

Bamboyo anachita mantha amene sanawamvepo chiikireni mkazi wawo m'manda. Lachinayi anamutsekera mwanayo m'nyumba n'kumupempherera mpaka mawu kusasa. Kuntchito anadula mabawuti aja ndi tchizulo, nambalayo n'kuicheka pakati ndi sowo, zidutswa ziwirizo n'kuziponya m'chikwama chawo. Ankaganiza kuti galimoto yopanda nambala ilibe poyambira kuyenda. Munthu akathedwa nzeru amakhulupirira chilichonse.

Lachisanu abwana a Evelina anaimba kuti akapanda kubwera asadzabwerenso. Mtsikanayo anapita, atagwirizana ndi bambo ake kuti asasunthe m'sitolomo mpaka iwo atafika kudzamutenga. A Lexon anaweruka msanga, koma minibasi kunalibe, akabaza onse atanyamula kale anthu. Anayenda pansi mtunda wonsewo, mwina kuthamanga mwina kutsimphina, chikwama chikuwamenya m'nthiti. Anafika kutada, n'kupeza sitolo yotseka. Mlonda anati magetsi atazima abwana anaweruketsa onse msanga n'kukhoma, ndipo mtsikanayo anamuona akupita cha kumsewu.

Kumsewuko kunalibe munthu. City Centre ikada imakhala zii, maofesi akuluakulu ali bii, mitengo yokha ikuwayula. Foni inawala m'dzanja lawo. Pachithunzipo panali galimoto yofiira, nambala yake yochekedwa pakati, yolumikizidwa ndi waya. Anapisa m'chikwama. Zidutswa zonse ziwiri zinali momwemo, zozizira ngati zachokera mufiriji.

Anaimba. Foni inalira kanthawi isanayankhidwe.

"Ababa," Evelina ananong'ona, "tawoloka mlatho koma sakuima. Ndawauza kuti ndikufuna kutsika, sakundimva. Amayi ena ali pambali pangawa akuti tsopano takwanira, tikupita ku Dedza."

"Ika foniyo pakhutu la adalaivala."

Kunamveka kukhwekhwereza, kenako bata. Kunalibe mawu a injini, kapena kupuma kwa munthu, koma kaphokoso ka indiketa kokha, thi, thi, thi. A Lexon anagwada pamsewu pomwepo, bambo wamkulu, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwana, ndine amene ndinadula nambala yanu. Ndalakwa ndine. Mwanayo sadziwa kanthu, wangotopa ndi kuyenda. Ngati vuto ndi malo otsalawo, bwererani. Ndikhalapo ine."

Foni inaduka. Anakhala chigwadire osadziwa ngati amvedwa, akutchula dzina la mwana wawo mobwerezabwereza. Patapita nthawi anamva matayala akupalasa miyala pang'onopang'ono, popanda injini, popanda nyali. Galimotoyo inaima patsogolo pawo, chitseko chakumbuyo n'kutseguka. Evelina anatuluka ngati munthu wodzutsidwa kutulo, n'kugwera m'manja mwawo. Anali wozizira, koma mtima ukugunda.

A Lexon anamuveka jekete lawo, n'kumupatsa makiyi a nyumba. Iye anawagwira mkono akulira, koma iwo anamumasula zala chimodzichimodzi, monga ankachitira ali wamng'ono pomusiya pakhomo la sukulu. Anamuuza kuti apite kwa mlonda uja akadikire kuche, ndipo asacheuke. Kenako anazungulira kumbuyo kwa galimotoyo, n'kuwerama pang'ono, n'kubwerera kudzalowa. Chitseko chinadzitseka chokha.

Loweruka a Sumaila anapeza nambala ija ili pamalo pake pa galimoto yophwanyikayo, yathunthu, mabawuti ake a dzimbiri, ndipo pampando wakumbuyo panali chikwama cha a Lexon. Apolisi analemba zonse n'kupita. Anthu a kumsika anakamba zambiri, ena za mbava, ena za zina, koma bamboyo sanaonekenso.

Evelina masiku ano amayenda pansi popita ndi pobwera, mvula kaya dzuwa, ndipo galimoto ikachepetsa liwiro pafupi naye amayang'ana kumbali. M'foni mwake muli uthenga umodzi umene safufuta. Unalowa usiku womwewo, iye ali m'kanyumba ka mlonda, kuchokera kwa bambo ake. Mulibe mawu, koma chithunzi cha nambala yokha. Lamulo lawo lija analisunga asanakwere.