Kabokosi ka Kamano

Dzuwa litapendeka, Anti anali kutsuka makapu kuseri kwa nyumba. Ana amene ankawalera masana, makolo ali kuntchito, anali atatengedwa kale. Pakhonde panatsala mmodzi yekha monga mwa masiku onse, atakumbatira kabokosi kake ka chakudya.

Anzake ankamutchula Kamano, ndipo sankamunamizira. Kamtsikana kowonda, kosalankhulalankhula, koma wina angoyerekeza kukhudza kabokosiko, walumidwa basi. Chodabwitsa, mwiniwakeyo sankadyamo. Anti anayesa kumunyengerera, kumuimika pakona, ngakhale kumuopseza, koma zonse zinangopita pachabe. Makolo a ana olumidwawo ankabwera atalusa, kumuonetsa zipsera za mano ngati waluma ndi iye.

Mayi a Kamano atatulukira pageti, Anti anapukuta manja n'kuwachingamira.

"Mayi, mwanayu walumanso mnzake lero."

"Kunyumba saluma," anayankha maso ali pafoni. "Kaya kuno mumamutani."

"Bwanji tikhale pansi ndi bambo ake tikambirane?"

"Bambo ake alibe nthawi. Si inu odziwa za ana? Mphunzitseni kugawana ndi anzake."

Mawu amenewa anamupweteka Anti. Panyumba pake lamulo linali limodzi: nthawi ya chakudya ana amakhala mozungulira pamkeka, mabokosi onse amatsekulidwa, aliyense amalawako cha mnzake. Iye ankanyadira lamuloli, ndiye kamwana kamodzi kamuchititse manyazi?

Mawa lake masana Anti anakalanda kabokosiko. Kamano anakuwa, anadzigwetsa pansi, anamuluma Anti padzanja mpaka magazi.

"Asadye! Anti, asadye!"

"Taona kuumira kwakeko! Lero ugawana nawo, ufune usafune."

M'kabokosimo munali tinyama tokazinga, tofunda ngati tangochoka pamoto, chonsecho kanakhala pakhonde kuyambira m'mawa. Fungo lake linali lokoma, koma pansi pake pankamveka kena kake konga dothi lonyowa. Anti anagawira ana onse. Anapatsanso Kadona, mwana wake weniweni, amene ankasewera ndi anawo iye akamayamwitsa khanda. Kamano anasiya kulira. Anangoyang'ana anzake akutafuna.

Madzulo Anti anawauza mayi aja monyadira kuti mwana wawo wagawana ndi anzake. Kwa nthawi yoyamba mayiwo anaika foni m'chikwama n'kumwetulira.

"Adya onse?"

"Onse."

"Ndi wanu yemwe?"

Kamano sanabwerenso. Koma kuchokera tsiku limenelo, tulo ta masana tinasintha. Ana amene kale ankavuta kugona ankangoti kukhudza mkeka, agona ngati akufa. Anti ankawagwedeza, kuwaitana, kuwawaza madzi, osadzuka. M'chipindamo munkazizira dzuwa likuswa mtengo, ndipo padenga pankamveka timapazi tikuthamanga. Akadzuka, kumapazi kwawo kunali matope, chonsecho chitseko Anti anakhoma yekha.

Kenaka maliro anayamba. Bambo a mwana wina, telala wa pamsika, anagwa pamakina ake osadwala n'komwe. Asanaiwalike, agogo a mwana winanso anapezeka atauma pampando, dzanja lili pachitseko. Anthu anayamba kunong'onezana kumpopi kuti nyumba zonse zogwa maliro zili ndi ana opita kwa Anti. Makolo anachotsa ana awo mmodzimmodzi, ena osatsanzika. Anti akadutsa, nkhani zinkaduka.

Anti anapita kunyumba kwa makolo a Kamano. Anapeza mawindo opanda makatani, pabwalo udzu utamera. Mwini nyumbayo, amene ankawachititsa lendi, anamuyang'ana modabwa.

"Asamuka osandiuza. Koma mwati mwana wawo? Aja analibe mwana, mayi. Kamtsikana kaja ndinkakaona, koma iwo ankati n'kolera."

Anti anabwerera kwawo. Apa m'pamene anazindikira kuti kamwana kaja sikankaluma chifukwa cha nkhanza. Kankatchinga anzake ndi mano okhawo amene kanali nawo, ndipo iye, mwini lamulo, ndiye anatsekula kabokosiko ndi manja ake. Anaitana abusa, anapemphera mpaka mawu kusasa. Anayesa kumuletsa Kadona kugona masana, kumusambitsa madzi ozizira, kumuyendetsa pabwalo, koma nthawi ikakwana mwanayo ankagona choimirira.

Tsiku lina Anti anakhala pamkeka akuyamwitsa khanda, kudikira kuti Kadona adzuke. Mwanayo anatsekula maso, anayang'ana matope a kumapazi kwake, kenaka anayang'ana mayi ake.

"Amayi, akuti nyama ija tinadya si yaulere."

"Ndani akutero, mwanangu?"

"Amayi ake a Kamano, kumene ndimapita ndikagona. Akuti aliyense abweze ya kwawo. Anzanga abweza kale, ndatsala ine."

Anti analimbitsa dzanja pamsana pa khanda.

"Akuti ubweze chiyani?"

"Akuti ndisankhe, inu kapena mwanayo."

"Usasankhe! Wamva? Ukawauze kuti amayi akana. Ukawauze kuti wolakwa ndine, iwe sunadziwe kanthu!"

Kadona anayamba kulira mwakachetechete, misozi ikutsikira m'khosi. Anasendera pafupi n'kutsamira pabondo la mayi ake.

"Ndasankha kale, amayi. Koma ati ndisakuuzeni."