Mpunga wa Varkey

Varkey ankasenza matumba a mpunga pa chigayo cha anthu ena kwathu ku Kuttanad, koma kunyumba kwake mphika unkagona wozizira. Mkazi wake anamwalira n'kumusiyira kamtsikana, Jincy. Nsanje inamudya munthuyu mpaka ankatukwana galimoto ya bwana wake ikangodutsa.

Mlongo wake Aleyamma analinso mmphawi, koma ankasunga mwambo wa amayi awo. Akamaphika ankayamba watapa mpunga wodzaza dzanja n'kuthira m'chitini cha Yesu, ndipo Loweruka ankaphikira osowa. Divakaran, mkulu wa bungwe la osenza matumba, yemwe ankati Mulungu ndi nthano chabe, ankamuseka.

"Mayi, Yesu wanuyo amadya bwanji mpunga wosaphika?"

"Mubwere Loweruka mudzamuone. Ali ndi pakamwa pambiri."

Varkey zimenezi zinkamunyansa. Tsiku lina masana anapita kwa sing'anga Kelappan, amene anamupatsa kamphika kakuda.

"Mpunga woyamba uja amayi ako ankapatsa Yesu, uzithira muno," anatero Kelappan. "Chachiwiri, wamagazi ako asadzalawe mpunga wako, ngakhale kambewu kamodzi."

"Ngakhale mwana wanga?"

"Makamaka mwana wako. Akadzalawa, ndi wa kamphikaka."

Varkey anaseka. "Zosavuta zimenezo. Azikadya kwa azakhali ake."

Zaka ziwiri zisanathe chigayo chija chinali chake, wamanganso chipinda cham'mwamba chosungira matumba. Jincy m'mawa, masana ndi madzulo ankapita kukadya kwa Aleyamma ngati mwana wamasiye. Tsiku lina anatola kambewu pansi, bambo ake anamuwomba khofi mpaka mlomo kung'ambika.

Pofuna kutseka anthu pakamwa, Varkey anatumiza matumba khumi oti mlongo wake aziphikira osowa. Aleyamma anamutsata.

"Achimwene, mpunga umene mwana wanu sangadye, mukufuna adye ana a yani?"

Matumba aja anawabweza onse. Divakaran anapsa mtima. "Mayi inu, mpunga ulibe chipembedzo! Anthu akugona ndi njala inu mukusankha?"

"Ndiwapatsa wochepa umene ndikuudziwa kumene wachokera," anayankha Aleyamma. Mudzi wonse unamunena kuti ndi wouma mutu, enafe tinali momwemo.

Kenako kunabwera chigumula. Madzi anameza misewu, minda ndi nyumba. Varkey anakana kusiya katundu wake, anathawira m'chipinda cham'mwamba chija ndi Jincy, madzi n'kuwatsekera momwemo. Tangoganizani, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi atakhala pamwamba pa matumba a mpunga, m'mimba mulibe kanthu!

"Ababa, njala."

"Imwa madzi a mvula."

"Ababa, pang'ono pokha, ndingotafuna."

"Ukakhudza ndikuthyola dzanja!"

Masiku atatu anatha choncho. Komabe m'mawa uliwonse bamboyo ankatapa mpunga n'kuthira m'kamphika, mwana akuyang'ana. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lachinayi masana Varkey anaodzera. Atadzidzimuka anapeza kamphika kali pamiyendo pa Jincy, mwana atatsamira thumba, masaya ali tutumu ndi mpunga wosatafuna. Anamugwedeza, anamuitana, anamutokosa m'kamwa ndi chala, koma mwana anali atazizira.

Nthawi yomweyo panja panamveka nkhafi. Anali Divakaran akupalasa bwato, Aleyamma atafungatira mpunga wophika wokulunga m'masamba a nthochi, wochokera m'chitini chija.

"Jincy, tuluka mwanawe, ndakubweretsera chakudya!"

Amene anatuluka pawindo anali Varkey, mwana ali m'manja, akuseka.

"Wadya kale, achemwali. Wakhuta."

Mpunga wonse m'chigayo unaola. Varkey lero amayenda m'misewu atanyamula kamphika kopanda kanthu, akufunsa ana a eni ngati adya. Loweruka amakhala pamzere wa osowa, ndipo mlongo wake amamupakulira. Divakaran kutchalitchi sanapondeko mpaka pano, koma pa ofesi ya bungwe lawo pali chitini, ndipo wosenza matumba aliyense amathiramo mpunga wodzaza dzanja asanaweruke.

Inu amene mukusirira chuma chamsangamsanga, funsani kaye kuti adzalipire ndani. Dyera linapatsa Varkey matumba mazanamazana, n'kumumana dzanja limodzi lokha lodyetsa mwana wake.