Dzanja Lotsala pa Chithunzi

Anakumana pa siteji ya minibasi pa Dedza boma mu Juni wa 1998, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Alile anali atasenza katoni ya mapepala a ku parishi, komwe ankagwira ntchito pa kompyuta. Mnyamata wina wa jekete lofiirira anangofika n'kumulandira.

"Manja okongola chonchi asamavutike," anatero. "Ndine Benedicto, wa kwa Kaphuka."

Koma ndiye pakamwa pake panali shuga mnyamata ameneyu!

Sipanapite sabata, anayamba kubwera ku ofesi. Abambo mfumu anali atabweretsa pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, yomwe aliyense ankaloledwa kukopera, ndipo Alile ankapangira makadi a maukwati. Benedicto anapempha kuphunzira. Mtsikana anamuphunzitsa zonse: kudula munthu pachithunzi, kumumata pena, kufufuta.

"Uziyang'ana m'mbalimu, Bene. Umafulumira, umasiya zotsalira."

"Ndiyang'ana bwanji m'mbali iwe uli pompano, duwa langa?" Amatero akusisita kachipsera ka moto kamene kanali pachala chachikulu cha Alile. "Ngakhale aka ndimakakonda. Ndikapanda kukukwatira iwe, ndiye kuti ndafa."

Anajambulitsa chithunzi m'munsi mwa phiri la Dedza, Alile atamugwira paphewa. Kenaka Benedicto anapeza ntchito yosindikiza makadi ku Lilongwe. Alile anamukoperera pulogalamu ija ndi chithunzi chomwe, n'kumuperekeza kusiteji akulira.

"Mvula ikamagwa, ankhoswe anga afika kwanu," analonjeza.

Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola. Benedicto zii! Alile anaonda ndi maganizo. Kodi wadwala? Kapena ntchito yamuchulukira? Aliyense wotsika minibasi atavala jekete lofiirira ankamudumphitsa mtima.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wa ku Lobi, atamanga disiki pansonga ya chitenje.

"Mwana wanga, undisindikizireko makadi a chinkhoswe cha Jenifa wanga. Apongozi anga okonza makadiwa ndi anzeru, ee! Jenifa ali kusukulu ku Blantyre, sanajambulitse limodzi, koma iwo anawalumikiza pa makina omwewa."

Alile anatsegula disikiyo pa kompyuta. Phiri lomwe lija. Jekete lomwe lija. Benedicto akumwetulira monga anamwetulira tsiku lija, koma pamalo pamene anaima Alile panali mtsikana wina woyera, wa mano a mpata.

Mayo ine! Ndiye kuti luso limene anamuphunzitsa yekha ndi limene Benedicto analigwiritsa ntchito pomuchotsa?

"Chimodzi chokha," mayi aja anaweramira pagalasi la kompyuta. "Dzanja lili paphewali landidabwitsa. Lada, komanso lili ndi chipsera. Jenifa alibe chipsera. Anthu angatiseke. Sungalichotse?"

Alile anabisa dzanja lake pansi pa tebulo. Akanatha kuulula zonse pomwepo. Koma zikanabweza chiyani? Munthu anasankha kale, ndipo mayi osalakwawa nkhope yawo inali ikuwala ndi chimwemwe.

"Ndichotsa, amayi," anayankha chapansipansi.

Anakulitsa chithunzicho n'kuyamba kufufuta chala chimodzichimodzi, misozi ikudontha pamabatani. Chala cha chipsera ndicho anamalizira.

"Eya, tsopano ndiye chayera!" mayi aja anaomba m'manja. "Ngati panalibe kanthu. Koma ukulira chiyani, mwana wanga?"

"Ndi galasili, amayi. Limapweteka m'maso."