Dothi Lofiira Kunsi kwa Galimoto

Anakumana pa steji ya Golomoti tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo. Anjelina, mwana wa malemu achimwene anga, ankadikira minibasi ya ku Mua atasenza dengu la tomato. Mnyamata wina wa malaya oyera anamulandira dengulo asanapemphedwe n'komwe.

"Chemwali, khosi lokongola chonchi n'kulipsinja ndi tomato? Ndine Clifford, dalaivala. Galimoto yokha ndiye ndilibe."

Anjelina anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunamupalira moto, pakuti iye galimoto anali nayo, dalaivala ndiye analibe. Bambo ake, aphunzitsi a ku Mua, anamusiyira kapikiapu koyera, kokalamba ngati mano angawa koma kolimba. Kanangokhala pansi pa mtengo wa bwemba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Isanathe miyezi iwiri, kiyi anali m'thumba la Clifford. Mameseji nawo ankagwa ngati mango a mu Disembala. "Shuga wanga, wadzuka bwanji?" "Ukapanda kundiyankha ngakhale madzi sapita pakhosi." Mtsikana ankandiwerengera ine, ine ndikumati bwerezanso pashugapo.

Lamulo linali limodzi lokha.

"Galimoto iyi ndi nkhalamba," anatero Anjelina. "Uziyenda nayo m'chigwa mommuno, Golomoti, Mtakataka, ukatalikitsa Salima. Msewu wa Khwekhwerere, wokwera phiri kupita ku Dedza uja, usauyese. Bambo ankauopa."

"Ndikatani kumapiri, mtima wanga uli kuno kumchenga? Ndikulonjeza, sindidzakwera."

Ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe n'kulitchula. Kutatsala masabata atatu, kapikiapu kanabwera kunyumba kakukokedwa ndi ng'ombe ziwiri, Clifford ali pachiwongolero nkhope ili ngati wobwera kumaliro.

"Injini yanoka, wanga. Yatheratu. Kukonza n'kungotaya nthawi. Tiigulitse. Wogula ndamupeza kale, abwera Loweruka."

"Wamupeza kale? Si yafa lero lomwe?"

"Ndimakuganizira iwe, shuga. Sindifuna uzivutika."

Anjelina analowa m'galimotomo n'kutseka chitseko. Kolona ya bambo ake inali ikadali lende pagalasi. Mpando unali ndi kadzenje kamene anakasiya okha. Agulitse zimenezi? Kwa munthu wosamudziwa? Analira mpaka mphuno kutupa. Atamaliza anapukuta misozi n'kuimbira a Ganizani a ku Mtakataka, makaniko amene ankakonzera bambo ake kuyambira kale.

A Ganizani anafika m'mawa pa njinga yamoto. Anatsegula boneti, ananunkhiza, anagona chagada n'kulowa kunsi. Anatulukako atafumbata kanthu.

"Mwana wanga, wakuuza ndani kuti yanoka? Yapsa gasiketi basi. Injini yawira pokwera chitunda madzi ali ochepa."

"Chitunda chake chiti? Imayenda m'chigwa muno."

Anatambasula dzanja. Munali dothi lofiira psuu.

"Kuno kumchenga dothi lotere unaliona pati? Ili ndi la kumtunda. Ndipo si la ulendo umodzi, lauma pamwamba pa linzake ngati ozira nyumba."



"Njira zilipo zitatu," anapitiriza a Ganizani akupukuta m'manja. "Kukonza n'kotheka, koma kumafuna kuleza mtima. Injini ina ungaike, koma matenda ake suwadziwa. Kugulitsa ndiye kwachangu. Mwini wake ndiwe."

"Ndikuyankhani Loweruka, bambo."

Anjelina sanamuuze kanthu Clifford. Meseji ikabwera ankayankha kuti "zikomo wanga". Ine ndinaona mmene ankasinjira nsinjiro masiku amenewo, ndinachita kumvera chisoni mtondo.

Loweruka wogula anafikadi, bambo wojintcha atavala jekete pa kutentha konseku. Wa kumapiri samabisika, thukuta linali kamukamu. Atangomuona Clifford, bamboyo anatambasula manja.

"Alamu! Ndi imeneyi eti?"

Clifford anatsokomola. "Timangoitanana choncho, wanga. Zocheza."

Koma mlendoyo anali munthu wa ulemu. Anavula chipewa n'kumupatsa moni Anjelina ndi manja awiri.

"Inu ndiye alongo awo aja? Alamu amatiuza kuti mukuwakaniza galimoto ya bambo awo. Pepani, za pamtundu n'zovuta. Tinangoti ndiigule m'dzina langa, tikaikonze, azinyamulira mbatatesi kwathu ku Dedza. Mlongo wanga Wezi watopa, mwezi uno ndi wake. Sizoona kuti bambo wa mwana azingoyendera Lachitatu lokha."

Lachitatu! Tsiku limene Clifford ankati amanyamula nsomba ku Salima.

Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Shuga, ndilole ndifotokoze..."

"Kiyi."

"Anjelina, mtima wanga..."

"Mtima wakowo kwera nawo Khwekhwerere wapansi. Ndati kiyi."

Anjelina anatambasula dzanja, ndipo silinabwerere mpaka kiyi atagweramo. Kenaka anatembenukira kwa mlendo uja, amene tsopano ankafinya chipewa ngati chanyowa.

"Inu simunalakwe, bambo. Galimoto si yogulitsa. Koma alamu anuwa atengeni, ndi aulere."

Awiriwo atapita, Anjelina analira ndithu, ndisaname. Masiku atatu osatuluka m'nyumba. Tsiku lachinayi anavala chitenje chakale n'kuitana a Ganizani.

"Tikonza. Koma sipanala muzindipatsa ine, inu muzingoloza."

Anamasula yekha mabawuti, zikhadabo zonse bii. Injini italira anapsompsona kolona ija. Kenaka anayamba kuphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, ndipo golo limodzi linavutikirapo. Mvula isanagwe, laisensi inali m'chikwama.

Ulendo woyamba anatenga ine, ndi nkhuku imodzi imene inakana kutsika. Pa steji ya Golomoti tinaona malaya oyera aja, mwini wake akulandira dengu la mtsikana wina. Atazindikira galimoto anathamangira kumsewu akubayibitsa mikono yonse.

Anjelina anachepetsa liwiro. Ine mtima unati phaa, ndimvekere wagwanso mwanayu.

Anatsitsa galasi pang'ono, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Yadzaza," anatero.

Anaponda moto, nkhuku ili kumbuyo yokhayokha.